Bangwe asafe ife tikuona

Kuno ku Nkhotakota, asodzi akamasoka maukonde madzulo, nyimbo zimachokera m'foni. Bangwe samvekanso. Zimandiwawa, chifukwa agogo anga aamuna ankamuimba: kathabwa kopyapyala, waya mmodzi wozungulizidwa kangapo, mapeto ake ali m'chitini kuti mawu azikula. Zala za kumanzere zinkatseka nsambo zina, za kumanja zikukhwatcha.

Anthu a ku Ireland nawonso anatsala pang'ono kutaya zeze wawo wamakolo, Celtic harp. Mu 1792 anasonkhanitsa oimba 11 ku Belfast, ambiri okalamba, ena osaona, ndipo mnyamata Edward Bunting analemba nyimbo zawo. Lero zezeyo ali pa ndalama zawo zachitsulo, ana akumuphunzira, ndipo UNESCO inaika kaimbidwe kake m'kaundula wake mu 2019.

Ifenso tingathe. Zeze wawoyo, yemwe nthawi zambiri amakhala ndi nsambo zoposa 30, ngwodula. Bangwe amangofuna thabwa, waya ndi mphunzitsi. Aphunzitsiwo ndiwo akutha. Sukulu za ku Linga ndi ku Chia ziitane akuluakulu otsalawo, aonetse ana kakungidwe ka nsambo ndi kaimbidwe kake. Wailesi yathu ya m'boma muno iwajambule chaka chomwe chino, asanatisiye.