Kupha selo mu labu si kuchiza munthu

Mauthenga a pa WhatsApp oti tsamba lakutilakuti "limapha maselo a khansa" amanditopetsa, makamaka akachokera kwa anzanga amene anaphunzirako sayansi. Kupha selo m'kambale ka mu labu n'kosavuta, ngakhale Jik amapha. Chovuta n'kupha chotupa mwini thupi n'kutsala wamoyo.

Selo lililonse lili ndi njira yodziphera lokha, imene asayansi anaitcha apoptosis mu 1972. Likawonongeka kwambiri, mapuloteni otchedwa caspase amalidula m'kati, limafota n'kugawika tizidutswa, kenako maselo ena amameza tizidutswato. Selo la khansa ndi limene lasiya kumvera lamuloli. M'pafupifupi theka la khansa za anthu, jini ya p53, imene imalamula selo lowonongeka kuti life, imakhala kuti nayonso yawonongeka. Mankhwala ambiri a khansa amakakamiza selo kubwerera pa njira ya imfa ija.

Taonani vincristine. Amachokera ku Catharanthus roseus, duwa la ku Madagascar limene ambirife timangobzala pakhomo kuti pakongole. Selo likamagawikana pawiri, limamanga timaulusi tokokera ma chromosome mbali ziwiri. Vincristine amalepheretsa timaulusito kumangika, selo limakakamira pakati pa ntchito, mapeto ake limadzipha. Ndi amodzi mwa mankhwala amene amapatsidwa kwa ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yofala pakati pa ana kuno kwathu.

Apa wina anganene kuti, mwaona, zitsamba zimachiza. Inenso ndimafuna zomera zathu zifufuzidwe mokwanira. Koma pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwalawa. Amawabaya mumtsempha wa magazi, pa mlingo wowerengedwa molingana ndi kukula kwa thupi, chifukwa amapwetekanso minyewa, moti ena amamva dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Wowiritsa masamba mumphika sadziwa chimene wamwa, ngakhale kuchuluka kwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kumudzi amatikhulupirira chifukwa tinafika ku koleji. Ukawatumizira azakhali uthenga wotere, iwo amamva ngati wanena dokotala, ndipo ulendo wa kuchipatala umayamba wadikira kuti aone kaye ngati masamba agwira ntchito. Pamene akudikirapo, chotupa cha Burkitt pa nsagwada ya mwana chimatha kukula kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha.