Chotupa tachipeza, ndiye tipite kuti?

Amayi anzathu, asisi, achemwali, lero tiyankhula za bere.

Okutobala akafika, aliyense amavala pinki. Pawailesi, pa Facebook, ngakhale pa zikwangwani uthenga umakhala umodzi: mayi dzipime, mayi dzigwire, mayi usachedwe. Uthengawu ndi wabwino ndipo ifenso timaufalitsa. Koma pali funso lomwe amayi a kuno ku Mulanje amatifunsa tikakhala nawo pa banki m'khonde kapena pansi pa mtengo tikatha msonkhano: "Chabwino, ndadzigwira, chotupa ndachipeza. Ndiye ndipite kuti?"

Funsoli tinaliphunzira mowawa. Mmodzi wa amayi a m'gulu lathu, wothyola tiyi, mayi wa ana anayi, anamva kambulu kolimba m'bere lakumanzere akusamba. Sanabise, sanathamangire kwa asing'anga. Anachita zomwe timalalikira zija: anatenga bukhu lake la kuchipatala n'kupita pa chipatala chaching'ono cha kwawo. Anapatsidwa panado ndi mankhwala a chithupsa, n'kuuzidwa kuti abwerenso chikapanda kuphwa. Anabwerera, anapatsidwanso omwewo. Ulendo wachitatu ndi pomwe analembedwa kalata yopita patsogolo, koma ya thiransipoti inalibe, ndipo tsiku lomwe sanathyole tiyi ndi tsiku lopanda malipiro. Pofika mumzinda, miyezi inali itadutsa yambiri, chotupa chitafika kale kukhwapa. Lero ali pa mankhwala ndipo tikumuyendera. Koma wina akatiuza kuti amayi akumudzi amachedwa okha chifukwa cha umbuli, timamuuza nkhani imeneyi. Mayi uyu anafika msanga. Inachedwa ndi njira yomwe anayendamo.

Khansa ya m'mawere ili m'gulu la khansa zomwe zikugwira amayi ambiri m'Malawi muno, pambuyo pa ya khomo la chiberekero. Ambiri amapezeka nayo itafika siteji 3 kapena 4, pomwe yafalikira ndipo kuchiza kwavuta. Chonsecho ikapezeka pa siteji 1 kapena 2, mwayi wochira ndi waukulu. N'chifukwa chake mu 2021 bungwe la WHO linaika zolinga zitatu zoti maiko azitsata: odwala 60 pa 100 aliwonse azipezeka matenda ali pa siteji 1 kapena 2, mayi akafika kuchipatala ndi chizindikiro, kupima konse kuzitha pasanadutse masiku 60, ndipo 80 pa 100 aliwonse oyamba thandizo azilimaliza. Gwirani nambala yapakatiyo: masiku 60. Miyezi iwiri basi, osati chaka.

Tiyeni timvetsetsane za kupimako, chifukwa ambirife timangomva maina. Poyamba namwino kapena dokotala amagwira mawere ndi m'khwapa ndi manja. Izi sizifuna makina kapena magetsi, zimafuna munthu wophunzitsidwa ndi chipinda chotseka. Akapeza kanthu pamafunika kuunika. Pali sikani, yonga ija amaunikira amayi oyembekezera, yomwe imathandiza kusiyanitsa chotupa cha madzi ndi cholimba, ndipo imathandiza kwambiri kwa amayi achitsikana omwe mawere awo ndi ogwirana. Palinso mammogram, ekisire ya bere yomwe imatha kuona khansa isanayambe kumveka m'manja. Makina a mammogram m'dziko muno ndi ochepa ndipo ali m'mizinda. Chomaliza ndi kutenga kanyama pang'ono pa chotupacho kukakapima ku labotale. Chimenechi ndiye chimanena motsimikiza ngati ili khansa kapena ayi.

Kwa ife a Mulanje, zambiri mwa izi zimatanthauza ulendo wa ku Queens, ku Blantyre, makilomita oposa 60 kuchokera pa boma. Kwa mayi wa ku Muloza kapena ku Limbuli onjezanipo kabaza ndi minibasi yofikira pa boma penipenipo. Ulendowu sukhala umodzi: lero kupimidwa, tsiku lina kukamva zotsatira, tsiku linanso kukaonana ndi dokotala. Ulendo uliwonse pafunika womuperekeza, chakudya, ndi wotsala ndi ana. Mabanja ena kuno sanadzukebe bwinobwino chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndiye tikamati thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, tifunse: laulere kwa amene wafikako bwanji?

Sitikupempha zosatheka. Tikudziwa kuti mammogram sangaikidwe pa chipatala chilichonse chaka chino. Koma ku Lilongwe mu 2015 anayesa kuphunzitsa amayi wamba anayi kupima mawere ndi manja m'zipatala momwe amayi ankabwerera zina, ndipo anapima amayi 1,000. Ngati amayi wamba anatha, anamwino athu ndi alangizi a zaumoyo angalephere atapatsidwa maphunziro ndi nthawi? Kuno chipatala cha boma ndi cha mishoni cha Mulanje zimapima kale khomo la chiberekero. Mayi ali kale m'chipindamo, wasiya kale ntchito zake, wamasula kale chitenje. Kumugwira mawere kumangotenga mphindi zochepa.

Ndiye kwa a DHO, khonsolo ya boma la Mulanje, makhansala ndi aphungu athu, tikupempha zinayi. Choyamba, mayi aliyense wobwera kudzayezetsa khomo la chiberekero, kudzalera kapena kudzatenga ma ARV azifunsidwa ngati akufuna kupimidwanso mawere, ndipo zizilembedwa m'bukhu lake. Chachiwiri, chotupa chomwe sichinaphwe ndi mankhwala oyamba chisamapatsidwenso panado, chizitumizidwa patsogolo tsiku lomwelo. Chachitatu, pakhale tsiku lodziwika pa sabata lounika mawere ndi sikani pa boma, ndipo lilengezedwe m'midzi ndi m'maesiteti. Chachinayi, pakhale kaundula wa mayi aliyense wotumizidwa ku Blantyre, ndi munthu womutsatira kuti wafika, wapimidwa, wamva zotsatira. Masiku 60 aja awerengedwe, ndipo chiwerengerocho tizichimva pa misonkhano ya khonsolo.

Ena ati ndalama palibe. Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma liziyesetsa kupereka chisamaliro chokwanira cha zaumoyo. Sitikupempha chifundo ayi, tikukumbutsa lonjezo. Ndiponso kuchiza khansa yofalikira kumadya ndalama zambiri kuposa kuipeza ili yaing'ono.

Eni maesiteti a tiyi, nanunso tikukuonani. Muli ndi zipatala zanu ndipo amayi ambiri akuthyola tiyi wanu. Mayi wopita kukapimitsa chotupa asamadulidwe tsiku.

Abambo, mawu awiri. Tamva amayi akunena kuti amaopa kupimitsa chifukwa bere likachotsedwa banja litha. Tangoganizani, munthu kusankha pakati pa moyo ndi banja! Perekezani akazi anu, perekani ya thiransipoti. Ndipo dziwani kuti khansayi imagwiranso abambo, ngakhale kawirikawiri ayi.

Kwa inu asisi: zotupa zambiri za m'mawere si khansa, choncho musafe ndi mantha muli m'nyumba. Koma mukaona chotupa m'bere kapena m'khwapa, makamaka cholimba chosapweteka, nsonga ya bere ikalowa mkati, ikamatuluka magazi, khungu likakhala ngati khoko la lalanje, kapena pakakhala chilonda chosapola, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ngakhale mukuyamwitsa, chotupa chosaphwa si cha mkaka nthawi zonse. Si ufiti, si ndalama zomwe mumasunga m'kamisolo, ndipo sipatsirana. Uzani adokotala alembe m'bukhu zomwe apeza ndi tsiku lake. Mukabwezedwa kachiwiri ndi mankhwala omwewo, funsani mwaulemu koma molimba: "Chotupachi sichikuphwa, ndikufuna kalata yopita patsogolo." Zikakanika, kuli komiti ya chipatala ndi ombudsman wa chipatala, ndipo ife tikuperekezani.

Mutu umodzi susenza denga. Kalata ya zopempha zinayizi tikuyenda nayo m'magulu a banki m'khonde, m'mipingo, m'mizikiti ndi kwa mafumu kuti isainidwe tisanakaitule ku khonsolo. Ikafika kwanu, sainani kapena dindani chala. Uthengawu muwawerengere amayi anu ndi azakhali anu omwe alibe foni. Ndipo ngati mukudziwa mayi yemwe wasunga kalata yopita ku Blantyre chifukwa chosowa ya minibasi, tiuzeni lero lomwe.