Miyendo Ikatupa, Yambani Mwapimitsa Mtima

M'midzi ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba, munthu wamkulu akayamba kutupa miyendo, kutsokomola ndi kupuma mobanika, akulu sacedwa kugamula kuti ndi mdulo. Mkazi aimbidwa mlandu, mbuzi ipita kwa sing'anga, ndipo wodwalayo afika ku cipatala mocedwa. Koma ngati munthuyo ali ndi nthenda ya shuga, coyamba kuciganizira ndico mtima wake.

Mtima ndi mnofu umene ugwira nchito usana ndi usiku. Shuga akacuruka m'magazi kwa zaka zambiri, amaononga timitsempha todyetsa mnofuwo, ndipo mnofu umakhuthala ndi kuuma ngati cikumba cokhalitsa padzuwa. Mtima wotere sufutukuka bwino kuti ulandire magazi, ndipo m'kupita kwa nthawi ulephera kuwakankha. Pamenepo madzi amadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Ndico cifukwa cake wodwala amatopa asanatsirize mzere umodzi m'munda, ndipo usiku amagona cokhala, popeza akagona cagada mpweya umamuthera.

M'caka ca 1974 madokotala ofufuza za mtima ku Framingham, m'dziko la America, anaonetsa kuti amuna a shuga amagwidwa ndi kufooka kwa mtima kawiri kuposa anzao, ndipo akazi kasanu. Coopsa ncakuti kuonongekako kumayamba mwakacetecete, popanda ululu.

Tsono, abale, amene anakupezani ndi shuga musaleke mankhwala cifukwa cakuti mwapezako bwino, kapena cifukwa nchito ya kumunda yacuruka. Pimitsani shuga ndi kuthamanga kwa magazi pa tsiku limene anakuuzani. Lekani fodya ndi kacasu, cepetsani shuga mu tiyi. Mcere ulidi ndi mlandu, koma osati cifukwa ca dzanja limene lauthira m'ndiwo: mcere wambiri usunga madzi m'thupi ndi kulemetsa mtima.

Tipempha mafumu ndi anyakwawa kuti asanakhale pa bwalo kuweruza za mdulo, ayambe atumiza wodwala ku kiliniki yapafupi, kapena ku cipatala ca Nyimba, ca Minga kapena ca Kalindawalo. Nawo a zaumoyo aonetsetse kuti zopimira shuga sizisowa m'makiliniki a kumidzi. Mtima wofooka ukapezeka msanga, mankhwala oucirikiza alipo, ndipo munthu akhoza kulimanso munda wake.