Mukutisamutsa, nanga kumeneko atilandira ndani?

Pamalo otchajira mafoni ku Mualadzi, pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wina amene anabwera kutchuthi kuchokera kusukulu mu mzinda wa Tete anatenga foni ya azakhali ake n'kuwaikira Mastodon. Anawauza kuti kumeneko ndiye kuli ufulu, kulibe bwana mmodzi woti n'kutseka anthu pakamwa. Mayiwo anadikira moleza mtima pamene iye ankawatsegulira imelo, chinthu chimene anali asanachifunepo chibadwire. Zonse zitatheka, analandira foniyo, n'kupukuta galasi lake ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba kukankha chala m'mwamba. Munali Chingerezi, munali Chijeremani, munali chithunzi cha mphaka wa munthu wina wakutali. Anakankhanso, kenaka anadzutsa mutu.

"Nanga anthu ali kuti muno, mwanawe?"

"Azakhali, anthuwo mudzawapeza pang'onopang'ono."

Sabata isanathe mnyamatayo anakwera galimoto kubwerera kusukulu. Pulogalamu ija inafufutidwa kuti m'foni mupezeke malo osungira zithunzi za ukwati.

Funso la mayi amenewa lisanyozedwe ngati la munthu wosadziwa zinthu. Ndi funso limene aliyense wofuna kusamutsa anthu athu kuwachotsa pa Facebook ndi WhatsApp ayenera kuliyankha asanagwire foni ya munthu.

Tinene poyera kuti mnyamatayo sananame. Facebook, WhatsApp ndi Instagram zonse ndi za kampani imodzi ya ku America, Meta. Amene analimapo fodya pa esiteti ya munthu akudziwa kuti utenanti n'chiyani: khasu lako, thukuta lako, koma nthaka, malamulo ndi sikelo ndi za mwini wake. Pa 4 Okutobala 2021 makina a kampaniyo atasokonekera, zitatu zonsezi zinazima limodzi padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Mu Okutobala 2022 Elon Musk anagula Twitter pa madola 44 biliyoni, n'kusintha malamulo, n'kusintha ndi dzina lomwe kukhala X, osafunsa aliyense wa anthu amene anamanga mbiri yawo pamenepo zaka ndi zaka. Kodi tingatchule bwalo loterolo kuti ndi lathu?

Ndipo sitikufunika kupita kutali kuti tione. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitadutsa, zionetsero zitabuka, intaneti ya pafoni inadulidwa m'dziko muno la Mozambique pa 25 Okutobala, ndipo patangopita masiku ochepa Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinatsekedwa. Kutsidya kwa Cassacatiza, abale athu a ku Zambia anaziona kale pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lenileni loponya voti, mpaka khoti linachita kulamula kuti zitsegulidwe. Gogo wa ku Chifunde amene amayembekeza mawu a mwana wake wa ku Johannesburg sanagende munthu, sanatseke msewu. Analakwa chiyani kuti akhale masiku osadziwa ngati mwanayo wadzuka bwino? Kutseka khomo n'kosavuta pamene mtundu wonse ukulowera pakhomo limodzi.

Apa ndi pamene mabwalo opanda mwini mmodzi akukomera. Mastodon anaiyambitsa Eugen Rochko ku Germany mu 2016. Si nyumba imodzi yaikulu ayi. Ndi midzi yambirimbiri, uliwonse uli pa kompyuta yakeyake yotchedwa seva, uliwonse ndi nyakwawa wake ndi malamulo ake. Midziyi imalumikizana kudzera m'njira imodzi yogwirizana yotchedwa ActivityPub, imene inavomerezedwa mu 2018. Munthu wa seva ina akhoza kutsatira ndi kuyankha munthu wa seva ina, monga momwe simu ya Movitel imaimbira ya Vodacom popanda kupempha chilolezo. Mchewa sangavutike kumvetsa zimenezi. Chaka ndi chaka mu Ogasiti mafumu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, koma aliyense akabwerera amakaweruza milandu ya kwake pabwalo lake. Ku Mastodon kulibe otsatsa malonda, ndipo kulibe makina okusankhira zoti uone. Umaona zimene alemba anthu amene wawatsatira, motsatana ndi nthawi imene analembera.

Ubwino womwewo ndi umene unawazunguza azakhali aja. Munthu amene sanatsatire aliyense amafikira pabwalo lopanda ndi nkhuku yomwe. Ndiye tikufunsa inu anyamata ndi atsikana ophunzira, inu aphunzitsi, inu a mabungwe amene mumabwera ndi magalimoto kudzaphunzitsa za makono: mukamuikira munthu pulogalamu n'kunyamuka, mwamuthandiza kapena mwamutaya m'thengo?

Anthu a kuno nkhani ya kusamuka saimvera pawailesi. Nkhondo ya pachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inabalalitsa midzi yathunthu ya chigawo cha Tete. Malawi analandira anthu oposa miliyoni imodzi. Ena anawolokera ku Zambia, ena mpaka kukakhala ku Ukwimi, kudera la Petauke. Sitikuyerekeza mavuto amenewo ndi nkhani ya mafoni, Mulungu atikhululukire. Koma funsani akuluakulu amene anayenda ulendowo kuti chinawapulumutsa n'chiyani. Adzakuuzani kuti sanapite yekhayekha, anapita ndi mbumba. Adzakuuzani kuti kutsidyako anapeza wolankhula chinenero chawo, wina wa mfunda wawo, amene anawapatsa madzi akumwa, n'kuwaperekeza kwa mfumu, n'kuwalozera chitsime, chigayo, tchalitchi ndi manda. Malo ogona okha samusandutsa munthu kukhala mwini mudzi. Nanga n'chifukwa chiyani tikafika pa intaneti tikuiwala nzeru imene makolo athu anaigula ndi misozi?

Taonani zimene zinachitika ku Brazil. Khoti lalikulu la kumeneko litalamula kuti X atsekedwe kumapeto kwa Ogasiti 2024, anthu oposa miliyoni imodzi analowa bwalo lina lotchedwa Bluesky m'masiku ochepa chabe. Sanapite chifukwa choti wina anawafotokozera za maseva. Anapita chifukwa anzawo anali atapita, ndipo atafika anamva Chipwitikizi chawo chomwe, nthabwala zawo zomwe, mikangano yawo ya mpira yomwe ija. Mudzi unanyamuka ndi mitondo yake. Tsono ife tikufuna kusamutsa mayi mmodzi, kusiya kwaya yake, gulu lake la banki ya m'mudzi ndi kalabu yake ya fodya zili pa WhatsApp. Akatsala kumeneko akudya chiyani?

Funso lina ndi la mamega. Ndani akulipira? Aliyense amene anagulapo bandulo akudziwa kuti makampani a mafoni amatchipitsa ya WhatsApp ndi Facebook, pamene intaneti yolowera paliponse imadula. Mu Meyi 2024 mitengo yatsopano italengezedwa ndi bungwe loyang'anira za mafoni la INCM, achinyamata anachita kuguba m'misewu ya Maputo mpaka boma linaiimitsa. Ngati a mumzinda analira chonchi, nanga mlimi wa ku Mualadzi amene ndalama amaiona kamodzi pachaka, akagulitsa fodya kapena chimanga? Kumuuza kuti asamukire kumene mamega amatha msanga, osamuonetsa pomwe angazimitse mavidiyo odziyambira okha ndi zithunzi zolemera, n'chimodzimodzi kumuitanira kuphwando loti alipire yekha nkhuku.

Nanga chinenero? Mabatani a Mastodon alipo m'Chipwitikizi, koma ndi angati mwa amayi athu amene amawerenga Chipwitikizi momasuka? Mapulogalamu amenewa amamasuliridwa ndi anthu ongodzipereka. Palibe amene akuletsa mphunzitsi wa ku Chifunde, wophunzira wa ku Zomba ndi mtolankhani wa ku Chipata kugawana ntchitoyo kuti mabataniwo alankhule Chinyanja. Tikudikira ndani? Ndipo tisaiwale kuti chimene chinaipatsa WhatsApp mphamvu kumudzi si zolembalemba ayi, ndi kabatani kojambulira mawu. Agogo amene sanapondepo m'kalasi amadina, n'kulankhula, n'kupereka moni kwa zidzukulu zonse mmodzimmodzi. Bwalo limene maziko ake ndi kulemba limawasiya panja anthu otere. Amene akuti tonse tisamuke anawaganizira agogo amenewa?

Pali chinanso chimene sitingachibise, chifukwa kunamiza mlendo n'koipa kuposa kusamuitana. Intaneti yonse ikadulidwa monga zinachitikira pa 25 Okutobala paja, Mastodon nayo imazima, Bluesky nayo imazima. Kuchuluka kwa maseva kumathandiza pamene olamulira atseka dzina limodzi kapena awiri, osati pamene azimitsa nsanja zonse za mafoni. Komanso mauthenga a mseri pa Mastodon sali otsekedwa ngati a pa WhatsApp: woyang'anira seva atafuna akhoza kuwaona. Seva ikhozanso kutsekedwa mwini wake akatopa kapena ndalama zikamuthera. Ukasamukira pa seva ina, okutsatira amasamuka nawe, koma zimene unalemba zimatsala kumene wachoka. Kodi zinthu zinayi izi mumawauza anthu musanawalembetse? Kapena mumangotamanda ufulu, matope ake n'kuwasiyira okha? Munthu amene waponya nkhani ya kukhosi kwake pamalo amene anauzidwa kuti ndi obisika, n'kudzapeza kuti sanali obisika, sadzakhulupiriranso chilichonse chimene mudzabwere nacho.

Tsopano nkhani imene ikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ya unyakwawa. Seva iliyonse imakhala ndi anthu oweruza madandaulo: wina akatukwana, wina akafalitsa bodza, wina akaika chithunzi cha mtsikana popanda chilolezo chake. Ngati munthu wa ku Mualadzi walembetsa pa seva ya ku Ulaya, ndipo mnzake wamunenera za ufiti m'Chinyanja, kapena wamuopseza mophiphiritsa ndi mwambi, woweruza wa kumeneko amva chiyani? Tonse tikudziwa kumene mphekesera za ufiti ndi za anamapopa zinafikitsa anthu osalakwa m'mayiko athu ano. Pabwalo lathu mawu amapha. Choncho mudzi wa pa intaneti wa anthu olankhula Chinyanja ukufunika oweruza akumva Chinyanja, odziwa kusiyanitsa chipongwe cha pachisuweni ndi chiopsezo chenicheni, ndipo pakati pawo pakhale amayi. Iyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, yotopetsa, yopanda malipiro. Ndani ali wokonzeka kuisenza? Mpingo? Wailesi ya m'dera? Bungwe la aphunzitsi? Ndipo seva ikakhala m'manja mwa munthu mmodzi wa chipani, kapena wa malonda amene ali ndi adani ake, kodi sitinangochoka pa esiteti yaikulu n'kukalowa pa esiteti yaing'ono imene mwini wake akutidziwa nkhope ndi pakhomo pomwe?

Ife tikuti anthu alowe, koma alowe mwa ulemu wake. Asalembetsedwe mmodzimmodzi. Liyambe ndi gulu limene likudziwana kale, kaya ndi aphunzitsi a sukulu imodzi, kaya ndi kalabu ya alimi, kaya ndi achinyamata a kwaya, ndipo onse alowe tsiku limodzi, pa seva imodzi, atsatirane pomwepo asanabalalike. Wowatsogolera akhale atakonzeratu mayina a anthu ena olemba m'Chinyanja kapena m'Chipwitikizi oti awatsatire, kuti tsiku loyamba bwalo lisakhale zii. Awaonetse kuti dzina la munthu kumeneko lili pawiri, lake ndi la seva yake, monga timanenera kuti uje wa kwa mfumu yakuti. Mawu achinsinsi alembedwe m'kope losungidwa bwino, chifukwa mafoni kuno amagwa m'madzi, amabedwa, amagulitsidwa nthawi ya njala. Ndipo pasapezeke wouza anthu kuti afufute WhatsApp. Anthu a m'malire amasunga masimu awiri, ya kuno ndi ya ku Zambia, ndipo palibe anawaphunzitsa chifukwa chake. Munda wa kudambo sumuletsa munthu kulima kumtunda.

Chotsala ndi chimene mnyamata uja analephera: kukhalapo. Mlendo ndi mame, ukachedwa kumusamala upeza wauma kale. Wolemba koyamba pabwalo latsopano amafuna wina amuyankhe tsiku lomwelo, ngakhale ndi "Takulandirani, amayi, kunyumba kuli bwanji?" chabe. Amafuna woti akasokonezeka sabata yachiwiri amupeze pamsika n'kumufunsa popanda manyazi. Kodi mwa ife amene tikudziwa zinthuzi, alipo angalole kukhala pamalo otchajira mafoni Loweruka lililonse kwa miyezi itatu, n'kumayankha funso limodzimodzilo kakhumi osakweza mawu?

Mnyamata uja abweranso kutchuthi cha Khirisimasi. Azakhali ake akadali ndi foni yomweyo, ndipo funso lawo silinayankhidwe. Akadzatambasulanso dzanja kuti, "Azakhali, bweretsani ndikuikireninso," adzakhala atabwera ndi anthu angati oti mayiwo akawapeze m'menemo?