Galimoto ya Mlendo Imanena Zimene Akufuna

Mvula ikatha, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene sukulu za ku South Africa zimakhala pa tchuthi, m'misewu yolowera ku Botswana, Namibia, Zambia ndi Malawi mumadutsa alendo amene sagona m'mahotela. Iwo amayenda ndi nyumba zawo. Ena amakoka kalavani, ena amamanga hema pa denga la galimoto, ndipo ena amayendetsa galimoto yokhala ndi bedi ndi khitchini m'kati mwake. Mudzi umene ukuganiza zotsegula malo ogona alendo otere uyenera kudziwa kuti banja limodzi limasintha galimoto kangapo pa moyo wake, ndipo zofuna zake zimasinthira limodzi.

Achinyamata ongokwatirana kumene amayamba ndi hema wopinda, mphika ndi mbaula. Kale ambiri ankagona mu Volkswagen Kombi, imene inkapangidwa ku Uitenhage mpaka chaka cha 2002. Ana akabadwa, hema amachepa, ndipo banja limagula kalavani. Imeneyi imayenda bwino ku malo osungira nyama a Kruger, amene anakhazikitsidwa mu 1926, chifukwa misasa monga Skukuza, Satara ndi Letaba imafikika pa msewu wa tala ndipo ili ndi magetsi. Komabe kalavani ili ndi malamulo ake. Ku South Africa, laisensi wamba ya B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo wokoka yolemera kuposa apo amafunika laisensi ya EB.

Ana akakula, makolo amalakalaka kufika kutali, ku Moremi ndi ku Savuti m'dziko la Botswana, kumene mchenga wakuya umatitimiza kalavani wamba. Pamenepo amaigulitsa n'kugula galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, yokhala ndi hema pa denga, thanki ya madzi, firiji ndi sola. Ukalamba ukayandikira, makwerero a hema wa pa denga amayamba kupweteka mawondo. Agogo aja amasankha galimoto yogonamo yokhala ndi chimbudzi m'kati, imene sichoka pa msewu wabwino koma imakhala masiku ambiri pa malo amodzi.

Kwa alimi ndi alangizi a chitukuko, nkhaniyi ikukhudza ndalama za mudzi. Ku Namibia, lamulo la mu 1996 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu zopindula ndi nyama zakutchire ndi alendo a m'dera lawo, ndipo magulu anayi oyamba analembetsedwa mu 1998. Ku Khwai, m'malire a Moremi, anthu a m'mudzi ali ndi malo awo omangapo mahema. Midzi yoyandikana ndi South Luangwa, Liwonde, Nyika ndi nyanja ya Malawi nayonso imaona alendo omwewa. Vuto limabwera komiti ikamanga molingana ndi mlendo amene ikumuganizira, osati amene msewu wa kumaloko ungamufikitse. Ndalama zimatha pokoka magetsi, pamene njira yofika kumeneko ndi ya matope ndi miyala imene kalavani singadutse.

Mlendo wa galimoto ya m'tchire amabwera ndi magetsi ake. Iye amafuna mthunzi, madzi abwino, chimbudzi chaukhondo, nkhuni ndi munthu wodziwa njira. Amagulanso mazira, tomato, masamba ndi zipatso, pakuti firiji yake ndi yaing'ono. Nkhunizo zichokere m'mitengo yodzala mudziwo, kuopa kupulula nkhalango imene mlendoyo wadzera. Mlendo wa kalavani amafuna malo athyathyathya, chipata chachikulu, bwalo lokhoterapo ndi nthambi zosatsika kwambiri. Wa galimoto yogonamo amafuna magetsi ndi dzenje lotayamo za m'chimbudzi chake. Dzenjelo likumbidwe kutali ndi mjigo ndi mtsinje, apo ayi mudzi udzalipira ndi matenda.

Misewu nayo imasintha mtundu wa alendo. Mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021 pakati pa Botswana ndi Zambia, unachotsa vuto lodikira pantoni powoloka Zambezi. Dera likalandira tala kapena mlatho, magalimoto amene kale ankabwerera panjira amayamba kufika.

N'chifukwa chake komiti yanzeru imayamba ndi kope ndi cholembera isanagule thumba la simenti. Kwa nyengo imodzi yathunthu, munthu mmodzi azilemba mtundu wa galimoto iliyonse yofika kapena yodutsa, chiwerengero cha anthu, masiku amene agona, zimene afunsa ndi zimene zasowa. Kopelo lidzaonetsa choyenera kuyamba, kaya ndi bafa, kukonza njira kapena dimba la masamba. Zinthu zotsika mtengo zimene mlendo aliyense amafuna ziyambe, zodula zidikire umboni.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma banja limene lagona bwino mu hema chaka chino likhoza kudzabweranso ndi ana mu kalavani, ndipo lidzakumbukira mudzi umene unalipatsa madzi abwino ndi mthunzi.