Kafoni kamene munkandiseka nako kasanduka fasho

Lero ndili ndi nkhani ya foni, mundipirire ndi yaitaliko.

Sabata yatha kunabwera mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Johannesburg. Titakhala pakhonde anatulutsa kafoni ka mabatani kachikasu, katsopano, kolembedwa Nokia 3310. Ndinati, "Iwe, ntchito yatha kodi? Chifoni chako chachikulu chija wagulitsa?" Anaseka n'kutulutsa chachikulucho m'thumba lina. Akuti, "Ayi malume, aka ndi ka Loweruka ndi Lamlungu. Ndikafuna mutu upume ku WhatsApp ndimatenga aka. Anthu akuzikonda zachikalezi masiku ano, zimawakumbutsa kale."

Ndinangoti eti. Mnyamata yemweyu zaka zapitazo anandiuza kuti ndisamatulutse kafoni kanga pagulu, ndikumuchititsa manyazi. Kangako n'komanga ndi mphira chifukwa chotsekera batire chinathyoka. Lero kake ndi fasho, kanga ndi umphawi, chikhalirecho tonse tikudina mabatani.

Ine 3310 yeniyeni ndimaidziwa. Inatuluka m'chaka cha 2000, ndipo kuno woyamba kukhala nayo anali mphunzitsi wina, ankaipachika palamba kuti aliyense aone. Inali yolemera, yakuda mobiriwira, ikagwa pansi mumangotola zidutswa n'kubwezeretsa, basi yayaka. Ana ankalimbirana kusewera kanjoka kaja. Iyi ya mwana wa mlongo wangayi ndi imene anaipanganso mu 2017, yopepuka, ya kamera, sikirini ya mitundu. Dzina ndi lomwelo koma m'manja si yomweyo. Akuti palinso ina yopindika ngati nthochi imene anaibweretsanso mu 2018, ndi zina zotsekula ngati kabokosi. Ndiye kuti opanga mafoni aona kuti kulakalaka kale nakonso ndi msika.

Tsono maganizo anga ndi awa. Kale limakoma kwa munthu amene ali ndi foni yachiwiri m'thumba. Mnyamatayu Lolemba likafika amabwerera ku chifoni chake, kuli banki yake, mapu, zithunzi za ana. Agogo ake kuseri kuno ali ndi kamabatani komweko chaka chonse, ndipo mukatumiza mavoisi pa gulu la banja iwo samva kanthu mpaka wina awafotokozere. Maliro a msuweni wathu chaka chatha anamva mochedwa chifukwa cha zomwezi. Aliyense ankaganiza kuti uthenga wafika poti unaikidwa pa gulu. Palibe amene anaimba.

Inu amene mukuti kale kunali bwino, ndikukumbutseni kale lakelo. Celtel itabwera mu 1999 netiweki kuno kunalibe, ndipo ngakhale itafika, tinkakwera pachulu cha kudambo, foni m'mwamba ngati tikuitana mvula. Mayunitsi ankawerengera m'madola. Munthu unkangoflasha, mnzako n'kuflashanso, kutha tsiku osalankhulana. Kutchaja kunali kupalasa njinga kupita pa tredingi, kusiya foni kwa wometa tsitsi, mwina pobwera wakusinthira batire. Tisanafike pamenepo, uthenga wa maliro tinkaudikira pa wailesi kapena munthu ankayenda usiku wonse. Bambo anga omwalira atadwala ku esiteti, kalata inatipeza iwo ataikidwa kale. Zimenezo sindingazisowe ayi, ndipo palibe kafoni kachikasu kangandinamize kuti zinali zokoma.

Ndalama nazo. Kale mwana akatumiza thandizo ankapatsira kondakitala wa basi kapena munthu wobwera kumudzi, ina n'kuthera m'njira. Lero Mpamba kapena Airtel Money, ndili kumunda foni yalira, ndalama yalowa. Venda akabwera ndi sikelo yake n'kutchula mtengo wa soya, ndimayamba ndaimbira mlamu wanga ku Lilongwe kufunsa kuti kumeneko zikuyenda bwanji. Kale tinkangovomera chifukwa chosadziwa.

Komanso ndisaname, pali zimene mafoni akale anali nazo zomwe ndimazifunadi. Batire linkakhala masiku angapo, kuno kopanda magetsi chimenecho si chaching'ono. Likatha mphamvu unkagula lina n'kuika wekha ndi chala. Nokia 1100 ija inali ndi tochi, amayi akunyumba anaperekezera nayo mtsikana wodwala matenda akumudzi mpaka kuchipatala usiku wa mvula. Foni ndikulemberayi, imene anandigulira mwana wanga wamkazi, inagwa kamodzi kokha pa ngolo, galasi lonse mitsitsi. Wokonza ananditchulira ndalama ya matumba a chimanga. Tsiku lililonse iyenera kupita pa sola, kukachita mitambo masiku awiri ndiye kuti ndazima. N'chifukwa chake kumunda ndimatenga ka mphira kaja, iyi imatsala m'nyumba ngati mkamwini wachilendo.

Ndiye ngati opanga mafoni akufunadi kutibwezera zakale, atibwezere kulimba. Mtundu wachikasu ndi kanjoka sizimatithandiza. Apange foni yoti ikagwa m'mizere isafe, batire lochotseka, yokhala sabata, koma yotha kulandira voisi ndi chithunzi cha mbewu yodwala kuti nditumizire alangizi. Imeneyo ndingagulitsire mbuzi osadandaula. Zinazi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinamufunsa mnyamatayu kuti kwenikweni chimene amachisowa n'chiyani. Anakhala chete, kenako anati amakumbuka mayi ake akumuimbira pa foni ngati imeneyo ali kusekondale, mphindi imodzi yokha chifukwa cha mayunitsi, koma ankayamba ndi kufunsa ngati wadya. Mlongo wangayo anatisiya. Pamenepo ndinamumvetsa, sindinamusekenso. Si foni imene akuisowa mwanayu.

Kwa inu a m'tauni, pempho langa ndi ili. Mukafuna kugula kafoni kachikale kokongoletsa, gulani, ndalama ndi zanu. Koma mukakagula kagwiritseni ntchito yake imene kanapangidwira. Imbirani agogo anu, azakhali anu, amene Facebook sadzaiona mpaka kalekale. Nkhani ya maliro, matenda kapena chinkhoswe musamangoiponya pa gulu n'kumati mwauza mudzi. Ndipo mukafuna kutithandiza, kasola kakang'ono kotchajira kangatipindulire kuposa chokumbutsa kale.

Mnyamata uja wabwerera Lachitatu. Kafoni kachikasu wasiyira agogo ake, ndipo dzulo madzulo wawaimbira, anacheza mpaka nsima kuzizira. Kanjoka akusewera ndi adzukulu, akuti agogo sakuwabwereka kawirikawiri poopa batire.

Nanga inu foni yanu yoyamba inali yanji, ndipo inatha bwanji? Yanga inagwera m'chitsime cha kudimba mu 2009. Tiuzeni m'munsimu.