Madzi oyera m'chifuwa si mafinya nthawi zonse

M'thupi muli kamtsempha kopyapyala kotalika pafupifupi masentimita 40, kochoka m'mimba, kutsata fupa la msana mpaka kukathira m'mtsempha wa magazi cha m'khosi, mbali yakumanzere. Simuyenda magazi m'menemo. Mumayenda madzi oyera ngati mkaka, onyamula mafuta a chakudya, zomanga thupi ndi asilikali oteteza thupi ku matenda, ndipo pa tsiku amatha kupitirira malita awiri. Kamtsemphaka kakabooka pa ngozi ya kabaza, pobayidwa ndi mpeni kapena pa opaleshoni ya khansa ya kummero, madziwo amadzaza chifuwa, munthu n'kumabanika. Chifuwa chachikulu ndi khansa ya Kaposi nazonso zimayambitsa vutoli.

Tsono wodwala wa ku Kasinje, amene ambulansi yamutengera ku chipatala cha boma cha Ntcheu, akamuika chubu m'chifuwa n'kutuluka zoyera, maganizo oyamba amakhala akuti ndi mafinya. Apa mpamene masiku amatayika. Chikhalirecho kusiyanitsa sikufuna ndalama zambiri: akazunguza madziwo pa makina a mulabotale, mafinya amadikha pansi, pamene madzi a mafutawa amakhalabe oyera. Ndipo taganizani za gadiyani amene akuphika kukhitchini ya achibale kuja. Mwachikondi chake amatsira nsinjiro m'phala, n'kukazingira ndiwo, kuti wodwala apeze mphamvu, osadziwa kuti mafuta omwewo ndi amene akuchulukitsa madzi otayikawo. Mabala ambiri otere amatsekeka okha wodwala akaleka zamafuta kwa kanthawi, koma pafunika wachipatala amufotokozere gadiyaniyo bwinobwino.

Kutayikako kukakanika kuleka, kale njira inali kutsegula chifuwa n'kumanga mtsemphawo, monga anayambira dokotala Lampson mu 1948. Imeneyi ndi opaleshoni yaikulu kwa munthu woti watheratu thupi. Mu 1998 dokotala Constantin Cope wa ku Philadelphia anaonetsa njira ina: kulowetsa jakisoni woonda kudzera pamimba, n'kutseka pobookapo kuchokera mkati. Lero madokotala amabaya mafuta otchedwa Lipiodol mu anabele a m'mphechepeche kuti njira ya madziwo ioneke pa makina ounikira, kenaka amatseka ndi timawaya ndi guluu wachipatala. Nthawi zina mafuta okhawo amaletsa kutayikako.

Ena anena kuti dziko limene zipatala zake zimasowa ngakhale panado lisamalote zoterezi, makamaka pa vuto losachitikachitika. Kudandaulako n'komveka, ndipo palibe akunena kuti makinawo aikidwe pa Kasinje. Koma dokotala wodziwa kuyendetsa kawaya m'mitsempha sadikira odwala a mtundu umodzi. Luso lomwelo limaletsa magazi kwa mayi amene akutaya kwambiri atabereka, limachotsa mafinya pachiwindi popanda kung'amba mimba. Anzathu a ku Tanzania anayamba kuphunzitsa madokotala otere pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2018, ndipo oyamba anamaliza mu 2021. Unduna wa Zaumoyo utatumiza madokotala ochepa kukaphunzira kumeneko, n'kuwaika ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, wodwala wochokera kuchigwa cha Bwanje angapeze thandizo ku Lilongwe konkuno, m'malo modikira dzina lake pa mndandanda wa opita ku India.